Kuvomera

Kuvomera ndi kuyankha kuti "inde" utamva nkhani yonse. Pa nyimbo, mmodzi amatsogolera, ena n'kuvomera chifukwa mawu ake akuwadziwa.

Tsono wothyola tiyi ku Satemwa kapena ku Makwasa, m'boma la Thyolo, akatsegula akaunti ya Facebook amawerengedwa kuti wavomera. Wavomera chiyani? Malamulo a Facebook ndi aatali ndipo ambiri amawapeza m'Chingerezi. M'menemo amalola kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, kusunga ndi kugwiritsa ntchito zithunzi zake, kuona zimene amakonda, n'kumusankhira zotsatsa malonda. Ine sindingatche kumeneku kuvomera, popeza munthuyo sanamve nkhani yake.

Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira zimenezi. Bungweli liumirire kuti malamulo a Facebook aja afotokozedwe m'Chichewa.