Mutu Umodzi Susenza Denga: Mbiri ya M-Pesa

Adzukulu anga, mwambi uwu sunathere pa kumanga nyumba kokha ayi. Tamvani zimene zinachitika ku Kenya.

Mu 2005, kampani ya Vodafone ndi inzake ya Safaricom zinagwirizana ndi bungwe lobwereketsa ndalama la Faulu Kenya kuyesa njira yatsopano m'tauni ya Thika. Cholinga chinali chimodzi: anthu azibweza ngongole zawo pa foni yam'manja.

Koma anthuwo anaiona njirayo ndi maso ena. Ena anayamba kutumizira abale awo ndalama, ena kulipirana pa malonda, enanso kusungamo ndalama poyenda ulendo, kuopa akuba. Akuluakulu a makampaniwo akanaumirira maganizo awo, akanafanana ndi Nzeruzayekha amene anaviika nsima m'madzi. Iwo anatchera khutu, nasintha cholinga.

Mu Malichi 2007 M-Pesa inakhazikitsidwa monga njira yotumizira ndalama kumudzi. Eni timagolosale anasanduka maejenti, nawonso namapeza phindu. Lero kwathu kuno tili ndi Airtel Money ndi Mpamba, zoyenda m'mapazi omwewo.

Choncho mukadzayamba malonda anu, kasitomala akagwiritsa ntchito katundu wanu mosiyana ndi mmene munaganizira, musathamangire kumudzudzula. Yambani mwamufunsa chifukwa chake.