Gule wa wopambana: mbiri ya ma emote

Madzulo pa depoti ya basi ku Balaka, anyamata awiri aweramira mafoni, zala zili yakaliyakali. M'masewera amene akusewerawo, msilikali wa mmodzi wagwetsa wa mnzake. M'malo mothamangira kukabisala, wangoima pomwepo n'kuyamba kuvina. Wogonjayo akuti: "Aise, chipongwe chimenecho!" Kavinidwe kameneka osewera amakatcha emote, ndipo kanachokera kutali.

Kanayamba ngati mawu olemba. M'zaka za m'ma 1980, masewera a pa kompyuta otchedwa MUD analibe zithunzi. Wosewera ankalemba kuti akuseka kapena akugwada, anzake n'kumawerenga. Masewera owomberana atafala, osewera anadzipezera okha njira zonyozerana. Mu Halo, yomwe inatuluka mu 2001, wopambana ankanyonyomala n'kumadzuka mobwerezabwereza pa mtembo wa mnzake. Mu 2007 kampani ya Valve inaika batani lakelake la chipongwe mu Team Fortress 2.

Ndalama zinadzalowerera kwambiri ndi Fortnite Battle Royale ya kampani ya Epic Games mu 2017. Kusewera n'kwaulere, koma magule ambiri amachita kugula. Mu 2018, pa fainolo ya World Cup ku Moscow, Antoine Griezmann wa France atagoletsa penate anaika zala pamphumi ngati chilembo L, uku akuponya miyendo uku ndi uku. Anali gule wa mu Fortnite wonyoza wogonja. Mu Disembala chaka chomwecho, woimba 2 Milly ndi katswiri wa zisudzo Alfonso Ribeiro anasumira Epic kuti ikugulitsa kavinidwe kawo osawalipira. Awiriwa anaichotsa milanduyo kukhoti mu 2019.

Kwathu kuno zimenezi zinafika kudzera pa foni. Free Fire inatuluka mu 2017, PUBG Mobile mu 2018, ndipo mnyamata wa ku Balaka amangofunika foni ndi bandulo.

Komatu agogo a ku Machinga sangadabwe kuona msilikali akuvina. Beni, gule wotchuka pakati pa Ayao, anayambira m'matauni a Aswahili a m'mphepete mwa nyanja ya mchere cha m'ma 1890, potsanzira perete wa asilikali a azungu. Kuno anafala ndi asilikali a King's African Rifles atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ovina amavala yunifomu, amaguba, amachita sawasha, mudzi wonse uli m'mbali mwa bwalo kuombera m'manja. Palibe amene amagula sitepe kuti avine.

Zimene zinaonekera 2 Milly zitiphunzitse. Makampani a masewera amasakasaka magule atsopano paliponse, ndipo beni, manganje ndi tchopa ali kale pa intaneti. A bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA ndi mafumu athu ayambiretu kulemba bwino mbiri ya magulewa ndi eni ake, lisanafike tsiku loti mdzukulu wa wovina beni agule sitepe ya agogo ake pa foni.