Taveni Yakale: Anamwa Ndani, Anapindula Ndani?

Anzanga acinyamata, kodi munaimapo pakhomo pa taveni yakale ndi kudzifunsa kuti anaimanga ndani? Mwezi watha ndinacoka kuno ku Misisi kukaona ina ku Matero. Musadabwe, ndinapita m'mamawa, akumwa asanafike. Ndinapeza mabenchi otha ndi fungo la masese. Mdala wosesa anandiuza kuti, "Mwanawanga, nyumba ino ndi yaikulu kuposa atate ako." Mau amenewa anandicititsa kufufuza mbiri yake.

Nkhani iyambira kutali, ku Durban. Mu 1908 boma la Natal linapanga lamulo lolola khansolo yokha kuphika ndi kugulitsa mowa wamasese m'tauni. Phindu lake ndilo linayendetsa malo okhala anthu akuda. Nzeru imeneyi inafika ku Northern Rhodesia, ndipo Lusaka, amene anakhala likulu mu 1935, anaitsatira. Khansolo inamanga mabiyaholo, niletsa kuphika mowa panyumba.

Taganizani bwino. Munthu wakuda sanaloledwe kulowa m'mabala a Azungu. Akalandira malipiro ake ocepa, anakawasiya ku biyaholo. Ndalama zomwezo ndizo zinamangira maholo a msonkhano ndi mabwalo a mpira. Kunena mwacidule, wosauka analipira citukuko ca komboni yake ndi ludzu lake. Akamwa kwambiri, khansolo inakondwa.

Amene analira koposa ndi amai. Nchito za m'tauni zinali za amuna, ndipo ambiri mwa agogo athu anadyetsa ana ndi mowa wophika mobisa. Apolisi akabwera anataya migolo ndi kulipiritsa faindi. Amai sanakhale cete. M'zaka za m'ma 1950 anacita zionetsero mu Lusaka, ndipo mu 1957 cipani ca African National Congress, cotsogozedwa ndi Harry Nkumbula, cinauza anthu kuti aleke kumwa ku mabiyaholo. Motero mtsuko wa mowa unalowa m'nkhondo ya ufulu.

Nanga kuno kwathu? Akuluakulu amati dzina la Misisi linacokera ku mau oti "Mrs", cifukwa malo ano anali a mai wina wacizungu. Komboni inakula popanda cilolezo ca khansolo, conco m'malo mwa biyaholo munadzaza mashabini.

Ufulu unabwera mu 1964, koma malonda a ludzu sanathe. Chibuku, amene Max Heinrich anayamba kuphika ku Kitwe, anafala m'mataveni a dziko lonse. Pambuyo pake kunadza tujilijili, timapaketi ta mowa waukali totsika mtengo, timene ngakhale ana a sukulu anatha kugula. Boma linatiletsa mu 2012, titawononga kale acinyamata ambiri.

Ndituluka m'taveni muja ndinaona mnyamata wa msinkhu wanga atakhala pakhomo, kudikira kuti atsegule. Dzuwa linali lisanakwere nkomwe. Mtima unandipweteka, pakuti funso la 1957 likadalipo: ndalama ya mnyamatayo ikulemeretsa ndani?

Sabata ino khalani pansi ndi ambuya anu, muwafunse za biyaholo ndi za apolisi a nthawi ija. Musawaweruze ngati anaphikapo. Mwina fizi ya atate anu inacokera mumgolo momwemo. Lembani zimene adzakuuzeni, mubwere nazo ku gulu la acinyamata. Mau a akulu akoma akagonera, koma akuluwo sadzakhala nafe masiku onse.