Kalata yoyenda pamanja

Agogo anga aakazi, mzimu wawo uuse mumtendere, ankakonda kusimba za kalata imene agogo aamuna anawalembera ali ku Joni m'masiku a Wenela. Kalatayo sinadzere ku positi ayi. Anapatsira mnzawo amene ankabwerera kumudzi, mnzawoyo anaipereka kwa dalaivala wa lole pa Dedza, dalaivala n'kuisiya pa golosale ina, ndipo inagona pamenepo mpaka tsiku limene munthu wa kwathu anapita kukagula mchere. Inafika patatha miyezi iwiri.

Nkhaniyi ndaikumbuka chifukwa akatswiri a makompyuta, ndi masukulu awo onse, anadzatulukira nzeru yomweyi. Intaneti imene tinaizolowerayi imafuna kuti njira ikhale yotseguka kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira pa nthawi imodzi, ndipo ikaduka penapake uthenga umafera panjira. Nanga kumene kulibe nsanja za mafoni, anthu atani?

M'chaka cha 2000, Amin Vahdat ndi David Becker a pa yunivesite ya Duke ku America anapereka ganizo lakuti kachipangizo kalikonse kazisunga uthenga, kaziyenda nawo m'thumba mwa mwini wake, ndipo kakayandikana ndi kanzake tizipatsana makope a zimene kenako kalibe. Njirayi anaitcha epidemic routing, poti uthenga umafala ngati chimfine m'basi yodzaza. Vuto lake n'lakuti makope amachuluka zedi, malo osungira n'kudzaza, batire n'kutha. Mu 2003 Kevin Fall wa ku Intel anakonza bwino maganizo amenewa m'dongosolo lotchedwa delay-tolerant networking, kunena kuti kulumikizana kopirira kuchedwa.

Koma ine zimene zimandigwira mtima zinachitika ku Ratanakiri, chigawo cha mapiri kumpoto chakum'mawa kwa Cambodia, m'chaka chomwecho cha 2003. Kumeneko amuna asanu ankayenda m'midzi pa njinga zamoto, aliyense atamangirira kumbuyo kabokosi kokhala ndi Wi-Fi. Njinga ikamadutsa pang'onopang'ono pa sukulu ya m'mudzi, kompyuta ya pasukulupo, yoyendera mphamvu ya dzuwa, inkatula maimelo ake m'kabokosimo n'kulandira amene abwera. Woyendetsa sankagwira kanthu, mwina ankangokweza dzanja kupatsa moni aphunzitsi basi. Akabwerera ku tauni ya Banlung, kumene kunali mbale ya setilaiti, katundu yense ankalowa pa intaneti. Ogwira ntchito zachipatala ankatumiza zithunzi za odwala mwa njira yomweyi kuti madokotala a ku Boston awaunikire. Luso limeneli linachokera ku MIT Media Lab ndipo dzina lake linali DakNet. M'Chihindi, dak ndi positi, ndipo ku India mabokosiwo ankakwezedwa m'mabasi. Tawonani, awerengi, eni akewo sanabise kuti akutsanzira mtengamakalata.

Kenaka kunabwera mbidzi. Eee, mbidzi zenizeni! Kumayambiriro kwa 2004, gulu la Margaret Martonosi la ku Princeton linaveka mbidzi za ku Laikipia, ku Kenya, makolala okhala ndi GPS ndi kawailesi kakang'ono. Cholinga chinali chakuti mbidzi zikakumana, monga pa dziwe lomwera madzi, makolala azipatsana mbiri ya kumene iliyonse yayenda, kuti wofufuza akayandikira imodzi apeze nkhani za zinzake. Ntchitoyi ankaitcha ZebraNet. A NASA nawo anayesa njira yosunga ndi kupatsirayi mu 2008, potumizirana zithunzi ndi chombo chimene chinali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 32 miliyoni kuchokera pa dziko lino.

Mwa kuona kwanga, chimene chinaphimba njinga za ku Ratanakiri ndi nsanja za mafoni zimene zinafalikira msanga kuposa mmene ambiri ankaganizira. Komabe nsanja ili ndi mwini wake, ndipo boma likafuna lingathe kuizimitsa. Mantha amenewa ndiwo anachititsa anthu ochita zionetsero ku Hong Kong kuthamangira FireChat mu 2014 ndi Bridgefy mu 2019, mapulogalamu amene ankadutsitsa uthenga pa Bluetooth kuchoka pa foni ina kupita pa ina m'chigulu cha anthu. Tsoka ilo, mu 2020 ofufuza a ku Royal Holloway anaonetsa kuti munthu wapakati akanatha kuwerenga mauthenga a Bridgefy, kudziwa amene akulankhulana, ngakhalenso kulemba m'dzina la mnzake. Kampaniyo inachita kusintha katsekedwe ka mauthenga ake.

Izi agogo akanazimvetsa popanda wowamasulira. Mwana wa sukulu amene anawawerengera kalata ija anafika pa mzere wonena kuti muli mapaundi awiri ogulira chimanga. Anakutumula envelopu, anaisuzumira, anaing'amba mpaka kumapeto, koma munalibe kanthu. Mpaka tsiku lomwalira, agogo ankaloza chala dalaivala wa lole uja, pamene agogo aamuna atabwerera ankangokhala chete akamva dzina la mnzawo amene anamupatsira.