Nsomba za ku Grand Banks ndi mapangano amene ankafika mochedwa

Kum'mawa kwa chilumba cha Newfoundland, m'dziko la Canada, kuli dera la nyanja yamchere ya Atlantic lotchedwa Grand Banks. Pansi pake ndi pokwera, moti malo ambiri kuya kwake sikufika mamita 100. Pamenepa pamakumana madzi ozizira otsika kuchokera ku Labrador ndi madzi ofunda okwera kuchokera ku Gulf of Mexico. Akakumana amavundula chakudya cha pansi, ndipo pamwamba pamagwa chifunga choti munthu osaona mnzake ali naye m'bwato limodzi. M'madzi amenewa munkaswana nsomba yotchedwa cod, ya mnofu woyera wopanda mafuta ambiri, imene ikathiridwa mchere n'kuyanikidwa imatha miyezi osawonongeka. Anthu a mayiko ambiri anadya nsombayi zaka zoposa 450 osaimaliza, kenako anaipulula m'zaka zosakwana 40. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti m'zaka zomalizazo munali mapangano, misonkhano ya chaka ndi chaka ndiponso akatswiri owerenga nsomba.

Mbiri ya malowa inafika ku Ulaya mu 1497, John Cabot atabwerera ku Bristol pa sitima yake ya Matthew. Anzake a paulendo anafotokoza kuti nsomba zinali zochuluka moti ankangomiza dengu lokhala ndi mwala, n'kulivuula litadzaza. Posapita nthawi Apwitikizi, Afalansa, Angerezi ndi anthu a mtundu wa Basque anayamba kuwoloka nyanja chaka chilichonse. Msika unalipo kale, chifukwa Akatolika a ku Ulaya sankadya nyama Lachisanu ndi m'nyengo ya Lenti. Nsomba zabwino zinkapita ku Spain, Portugal ndi Italy, pamene zophwanyika ndi zosauma bwino ankazitumiza ku zilumba za Caribbean kuti zikadyetse akapolo a ku Africa olima nzimbe.

Kagwiridwe kake kanali ka manja. Apwitikizi anasunga njira yakaleyi mpaka cha m'ma 1970: sitima yaikulu inkanyamula timabwato tambiri tosanjikiza, m'mamawa n'kutitsitsira m'madzi, munthu mmodzi kabwato kake. Msodzi ankapalasa yekha m'chifunga, ali ndi chingwe cha mbedza zambirimbiri, nyambo ndi lipenga loitanira anzake. Madzulo ankabwerera kudzatumbula nsomba ndi kuzisanja mumchere kuti zikhale bakayawo. Ena sankabwerera. Pagombe la Newfoundland panamera midzi ing'onoing'ono mazanamazana, mudzi uliwonse ndi mathandala ake oyanikapo nsomba, ndipo ntchito yoyanikayo inali ya amayi ndi ana. Mbedza imagwira nsomba yanjala yokha, komanso nyengo yozizira ikafika asodzi ankaleka. Choncho nsomba zinkapeza mpata woswana popanda wina kulamula.

Lamulo lenilenilo linali lochepa kwambiri. Mu 1609 katswiri wa malamulo wa ku Netherlands, Hugo Grotius, analemba kuti nyanja yaikulu ilibe mwini, aliyense angathe kuyendamo ndi kuwedzamo. Pang'ono ndi pang'ono mayiko anazolowera kuti dziko lililonse lizilamulira mamailosi atatu okha kuchokera pagombe, kupitirira apo n'kwa aliyense. Asayansi nawonso sankaona vuto. Mu 1883, pa chionetsero cha za usodzi ku London, Thomas Henry Huxley ananena kuti cod ndi nsomba zina za m'nyanja zazikulu n'zoti munthu sangazithe ndi njira zophera za nthawiyo. Mawu ngati amenewa ndinakula ndikuwamva kwathu kugombe la Malombe, kumene agogo ankatsimikiza kuti madzi akakhalapo nsomba sizingasowe. Anali kunena zoona za nthawi ya mono ndi matchera a maso aakulu. Nkacha ndi makoka a kambuzi atachuluka, chambo cha m'nyanjayo chinazimiririka iwo akuona. Onse awiri, agogo ndi Huxley, ankayeza nyanja ndi zida za m'manja mwawo, osadziwa zida zimene zinali kubwera.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mayiko anazindikira kuti pakufunika kukambirana. Mu 1949 anasainirana pangano ku Washington limene linabala bungwe la ICNAF, loyang'anira usodzi kumpoto chakumadzulo kwa Atlantic. Koma patangotha zaka zisanu, mu 1954, kampani ya ku Scotland ya Christian Salvesen inatulutsa sitima yotchedwa Fairtry. Sitimayi inkakoka khoka lalikulu pansi pa nyanja, n'kulikwezera kumbuyo kwake, ndipo nsomba zinkasendedwa ndi kuumitsidwa ndi chisanu momwemo. Inkatha milungu yambiri osabwerera kudoko, usana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja. Dziko la Soviet Union linapanga zake zofanana nayo zambirimbiri, ndipo Germany, Poland, Spain, Portugal ndi France anatumizanso zawo. Makina oonera pansi pa madzi ankalozera pamene nsomba zasonkhana kuti ziswane, khoka n'kudutsa pomwepo. Kale gulu lalikulu la cod za kumpoto linkapereka matani 200,000 mpaka 300,000 pachaka. Mu 1968 anagwira matani oposa 800,000.

Nanga ICNAF inali kuti? Inalipo, inkakumana, inkasindikiza malipoti. Poyamba inkangolamula kukula kwa maso a ukonde. Mlingo wa nsomba zoti dziko lililonse ligwire unayamba kuikidwa cha kumayambiriro kwa m'ma 1970, nsomba zitayamba kale kuchepa, ndipo pofuna kuti aliyense atuluke mumsonkhano atakhutira, mlingowo unkakwera mpaka kuposa zimene sitima zikanatha kupeza. Chigamulo sichinkamanga dziko limene silinachivomereze. Sitima ikaphwanya lamulo, woilanga anali dziko lake lomwe, dziko limene linkafuna nsombazo. Kaputeni aliyense ankadziwa kuti nsomba imene waisiya lero, mawa ikhala m'khoka la mnzake wa mbendera ina. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Pangano limene silichotsa mantha amenewa silingaletse munthu kuponya khoka.

Mayiko a m'mphepete mwa nyanja atatopa, anasankha kumanga mpanda. Dziko la Iceland, limene chuma chake chinkadalira kwambiri nsomba, linakankha malire ake kufika mamailosi 12 mu 1958, mamailosi 50 mu 1972 ndi mamailosi 200 mu 1975. Britain anatumiza sitima zankhondo kukateteza asodzi ake, a ku Iceland nawo ankadula zingwe za makoka a Angerezi ndi chida chokokedwa m'madzi, ndipo sitima zinkagundana dala. Mu 1976 Britain anagonja. Pa 1 January 1977 Canada nayo inalengeza mamailosi 200, omwe ndi makilomita pafupifupi 370. Mchitidwewu unadzalowa m'pangano lalikulu la United Nations la malamulo a panyanja, limene linasainidwa ku Montego Bay m'dziko la Jamaica pa 10 December 1982 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1994. Panganoli limapatsanso mayiko opanda gombe la nyanja yamchere ufulu wodutsa kukafika kudoko, ndipo Malawi analivomereza mu 2010.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa kwambiri. Alendo atathamangitsidwa, nsomba zinayamba kubwerera pang'ono, ndipo Canada inaona ngati mwayi wafika. Boma linathandiza kugula sitima zazikulu ndi kumanga mafakitale m'magombe, moti makoka a eni dziko analowa pamene panachoka a alendo. Asayansi a boma ankawerenga nsomba podalira kwambiri zimene sitima zazikuluzo zinkagwira. Koma cod zikachepa zimaunjikana malo amodzi, ndipo sitima ya makina imazipezabe, khoka n'kudzaza ngati kale. Pamapepala nyanja inkaoneka yodzaza. Asodzi a mabwato aang'ono, amene ankatchera malo omwewo a makolo awo, anayamba kudandaula cha m'ma 1980 kuti nsomba zikuchepa ndiponso zikubwera zazing'ono. Anawayankha kuti mwina ndi kuzizira kwa madzi. Pofika 1989 asayansi anavomereza kuti chiwerengero chinali chokwera kuposa zenizeni, ndipo mu 1990 lipoti la gulu lotsogoleredwa ndi Leslie Harris linachenjeza kuti mlingo utsitsidwe kwambiri. Andale anautsitsa pang'ono chabe poopa kutseka mafakitale.

Kunja kwa mpanda nakonso kunali phokoso. Mzere wa mamailosi 200 unasiya kunja nsonga ziwiri za Grand Banks, zimene asodzi amazitcha Mphuno ndi Mchira, pamodzi ndi malo otchedwa Flemish Cap. Nsomba sizidziwa mzere, zimalowa ndi kutuluka. Malo akunjawa anaperekedwa kwa NAFO, bungwe limene linalowa m'malo mwa ICNAF mu 1979, koma nalo linabadwa ndi khomo lothawira lomwe lija: dziko likakana chigamulo, linkadziikira mlingo wake. Spain ndi Portugal atalowa m'gulu la mayiko a ku Ulaya mu 1986, gululi linagwiritsa ntchito khomoli chaka ndi chaka. Canada inkaloza chala alendo, alendo ankaloza Canada, ndipo onse ankanena zoona.

Pa 2 July 1992 nduna ya za usodzi, John Crosbie, amenenso anali mwana wa ku Newfoundland, analengeza mumzinda wa St. John's kuti usodzi wa cod za kumpoto watsekedwa. Asodzi okwiya anayesa kuthyola chitseko cha chipinda chimene ankalankhuliramo. Anthu pafupifupi 30,000 anataya ntchito, ndipo m'mbiri ya Canada sikunachitikepo kuti anthu ochuluka chotero achotsedwe ntchito nthawi imodzi. Nsomba zazikulu zoswana zinali zitatsika kufika pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a zimene zinalipo cha m'ma 1960. Boma linati chiletsocho chikhala cha zaka ziwiri. M'zaka khumi zotsatira chigawo cha Newfoundland chinataya pafupifupi munthu mmodzi pa anthu khumi alionse, achinyamata atapita kukafuna ntchito ku Alberta ndi ku Ontario. Otsala anatembenukira ku nkhanu za m'nyanja.

Lamulo la mano linabwera pambuyo pa mkangano wina. Pa 9 March 1995 sitima za boma la Canada zinathamangitsa sitima ya ku Spain yotchedwa Estai, imene inkapha nsomba za turbot kunja kwa mamailosi 200. Zinawombera mfuti zochenjeza n'kuigwira. Ogwira ntchito m'sitimayo anali atadula khoka lawo, koma a ku Canada analivuula pansi pa nyanja ndipo anapeza kuti maso ake anali aang'ono kuposa ololedwa. Nduna Brian Tobin analitengera ku New York n'kulipachika poyera pafupi ndi likulu la United Nations, kumene mayiko anali kukambirana za nsomba zodutsa malire. Spain inati kumeneku n'kulanda sitima mwauchifwamba, ndipo pa za malamulo inali ndi mfundo. Komabe mu April Canada ndi mayiko a ku Ulaya anagwirizana kuti sitima iliyonse izikhala ndi munthu woonerera, ndi kuti ziyambe kutsatidwa pa setilaiti. Mu August chaka chomwecho United Nations inavomereza pangano la nsomba zodutsa malire, limene linayamba kugwira ntchito mu 2001. Muli mfundo ziwiri zimene zikanathandiza mu 1968: pamene chiwerengero chikukayikitsa, mlingo uzitsika osati kukwera, ndiponso oyendera a dziko lina angathe kukwera sitima yako pakati pa nyanja n'kuyeza ukonde wako.

Kuti tione kuti tsokali silinali lolembedwa, tiyang'ane ku Barents Sea. Kumeneko Norway ndi Soviet Union, adani a nthawi ya Cold War, anasainirana pangano mu 1975 n'kukhazikitsa komiti imodzi yoyang'anira cod zawo. Anagwirizana kugawana pakati ndi pakati, choncho mkangano wa gawo unatha msanga. Asayansi a ku Bergen ndi a ku Murmansk ankawerenga nsomba limodzi, moti panalibe woti anene kuti chiwerengero ndi cha mdani. Nsomba zitachepa cha kumapeto kwa m'ma 1980, anadula mlingo mowawa mu 1990, ndipo pofika 2013 unakwera kufika matani miliyoni imodzi. Nakonso kwakhala kuba, ndipo zaka zaposachedwapa mlingo watsikanso, koma umatsika nsomba zikadalipo.

Ku Newfoundland zaka ziwiri zija zinasanduka zaka 32. Mu June 2024 boma la Canada linatsegulanso usodzi wamalonda wa cod za kumpoto, ndi mlingo wa matani 18,000, ndipo nthawi yomweyo asodzi a mabwato aang'ono anadandaula kuti sitima zazikulu zapatsidwanso gawo nsomba zisanachire. Ine ndili kumbali yawo, chifukwa ulendo wathawu ndiwo anaona zoona poyamba. Nyanja yopanda mwini inalephera, mpanda wa dziko limodzi unalephera, pangano lokhala ndi khomo lothawira linalepheranso. Mgwirizano umene wasungako nsomba ndi uja umene mayiko amawerenga limodzi, amamvera a pagombe, ndipo aliyense amalola mnzake kumugwira ukonde. Zonsezi zinali zotheka mu 1949. Mayiko anazivomera mu 1995, mafakitale a m'magombe a Newfoundland atatsekedwa kale.