Madaimu 24 a ku San Francisco

Madzulo ano m'nkhani zathu za mbiri yakale tiwoloka nyanja kunka ku Amereka, kukaona kandalama kachitsulo kochepa ngati batani la malaya, kamene anthu achuma amalimbirana mpaka lero.

Eni ake amakatcha daimu. Madaimu khumi amakwanira dola imodzi, monga momwe ma 10 tambala khumi amakwanira kwacha imodzi. Boma la Amereka lidakhazikitsa ndalamayi ndi lamulo la 1792, ndipo madaimu oyamba ogulira zinthu adasulidwa mu 1796. Kuyambira 1837 kufikira 1964, magawo 9 mwa magawo 10 a daimu adali siliva, gawo lotsalalo mkuwa.

Ndalama zimenezi zinkasulidwa m'nyumba za boma m'mizinda ingapo, ndipo nyumba iliyonse inkadindapo kachilembo kake: S ya San Francisco, O ya New Orleans, CC ya Carson City, ndipo pambuyo pake D ya Denver. Nyumba yaikulu ya ku Philadelphia masiku amenewo siinkadinda chilembo. Mfundo imeneyi muisunge bwino, pakuti nkhani yathu yonse yagona pa chilembo chimodzi.

Mu 1893 chuma cha Amereka chidagwa. Mabanki ambiri adatsekedwa, anthu adachotsedwa ntchito, ndipo malonda adazirala. Chaka chimenecho nyumba ya ku San Francisco idasula madaimu pafupifupi 2,500,000, ndipo mu 1895 idasula 1,120,000. Koma pakati pa zaka ziwirizi, mu 1894, mabuku a boma akusonyeza madaimu 24 okha. Chaka chomwecho ku Philadelphia adasula 1,330,000, ku New Orleans 720,000. Onsewo ngofanana maonekedwe, pakuti adawajambula ndi munthu mmodzi, Charles Barber: kumaso mutu wa mkazi woimira ufulu, kumbuyo nkhata ya masamba, tirigu ndi chimanga. Chosiyanitsa 24 aja ndi ka S kamene kali pansi pa nkhatayo.

Nanga n'chifukwa chiyani nyumba yosula ndalama zikwizikwi idayatsa makina ake chifukwa cha madaimu 24? Pali mayankho awiri, ndipo ndikupemphani kuti muwayese nokha.

Yankho loyamba ndi limene anthu amakonda kusimba. Akuti mkulu wa nyumbayo, John Daggett, adasulitsa madaimuwo kuti akondweretse abwenzi ake a m'mabanki. Anthu 7 adalandira atatuatatu, ndipo atatu otsala adapatsa mwana wake wamkazi, Hallie, namulangiza kuti awasunge kufikira atakula ngati bambo wake, popeza adzakhala a mtengo wapatali. Koma tsikulo kudatentha, ndipo pobwerera kunyumba mwanayo adatulutsa imodzi nagula ayisikilimu.

Nthanoyi njokoma, ndipo aliyense amene adatumapo mwana kusitolo amaimva mumtima. Vuto lake nlakuti idayamba kufalikira m'manyuzipepala a osonkhanitsa ndalama m'zaka za m'ma 1970, Daggett ndi mwana wake yemwe atamwalira kale. Amene adailemba adaimva kwa wina, winayonso adaimva kwa wina. Akuluakulu adati kandimverere adanena za m'maluwa. Komanso Hallie mu 1894 sadali kamwana kongotengeka ndi zotsekemera. Adali namwali wa zaka 15. Chimene tikudziwa motsimikiza za iye n'china: mu 1913 adakhala mkazi woyamba kulembedwa ntchito ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango kuti azilonda moto wolusa ali pamwamba pa phiri, kumpoto kwa California. Mbiri yake yeniyeniyo ambiri aiiwala, akukumbuka ayisikilimu.

Yankho lachiwiri nlouma, lochokera ku maakaunti. Chaka cha chuma cha boma chinkatha pa 30 Juni, ndipo nyumba yosula ndalama inkayenera kuwerengera siliva yense amene idalandira. Ofotokoza motere amati padatsala siliva wokwana madola 2 ndi masenti 40 woti asulidwe kuti mabuku alingane. Werengani nokha: madaimu 24 ndi madola 2 ndi masenti 40 ndendende. Amatinso antchito sadaone chachilendo, poganiza kuti chaka chisanathe adzalamulidwa kusula madaimu ena ambiri a 1894. Lamulolo silidabwere, ndipo chimene chidali kantchito ka kalaliki chidasanduka chuma.

Mwa 24 aja, amene akudziwika lero ndi 9. Ambiri mwa iwo akali onyezimira, koma awiri ngoperepeseka kwambiri. Okonda nthano amati imodzi mwa awiriwo ndiyo ya ayisikilimu ija. Ine ndikuona kuti kuperepesekako kukutiuza chinthu chimodzi chokha, chimene chili chodabwitsa koposa nthanoyo: kandalamako kadayenda m'manja mwa anthu zaka zambiri, kugula buledi, kulipira ulendo, kugona m'matumba, popanda woyang'ana kumbuyo kwake.

Tsono imvani mitengo. Mu 2005 daimu imodzi ya 1894 yokhala ndi S idagulidwa pa okushoni madola 1,322,500. Mu 2007 yomweyo idapita pa madola 1,900,000. Mu Januwale 2016, mumzinda wa Tampa, idagulidwanso madola 1,997,500. Kumbukirani kuti kandalama konseko kamalemera magalamu awiri ndi theka basi. Wogulayo sakugula siliva ai. Akugula kusowa kwake, pamodzi ndi nkhani imene yakakuta.

Madaimu ena awiri akutsimikiza mfundoyi. Kuchiyambi kwa 1873 nyumba ya ku Carson City idasula madaimu 12,400, koma chaka chomwecho lamulo lidasintha kulemera kwa daimu, ndipo osulidwa kale aja adasungunulidwa. Idapulumuka imodzi yokha, imene mu 2012 idagulidwa madola 1,840,000, ndipo mu 2023 madola 3,600,000. Inayo ndi ya 1975. Nthawi imeneyo siliva adali atachotsedwa kale m'madaimu ndi lamulo la 1965, koma ku San Francisco, posula madaimu apadera ogulitsa kwa osonkhanitsa ndalama, adaiwala kuika S pa chidindo china. Akudziwika awiri okha otero, ndipo mu 2024 imodzi idagulidwa madola oposa 500,000. Uku chilembo chidakweza mtengo chifukwa chilipo, uko chifukwa palibe.

Pamene pali mitengo yotere, akathyali sasowa. Pali anthu amene amatenga daimu wamba ya ku Philadelphia namatapo kachilembo ndi moto. Daimu ya 1916 ya ku Denver, imene idasulidwa 264,000 yokha, ndiyo imanamiziridwa kawirikawiri mwa njira imeneyi. N'chifukwa chake wogula wanzeru safunsa maonekedwe okha. Amafuna akatswiri aipime, ndiponso amafunsa mbiri yake: idachoka kwa yani, idafika kwa yani, chaka chanji. Daimu iliyonse mwa 9 aja ili ndi mndandanda wa eni ake, wosungidwa mosamala ngati mbiri ya ufumu.

Apa mpamene pali phunziro kwa ife okonda mbiri yakale. Makalaliki a ku San Francisco adalemba chiwerengero, 24, ndipo chiwerengerocho palibe amene amachitsutsa. Chifukwa chake sadachilembe momveka, ndipo mpata umene adausiyawo anthu adaudzaza ndi nthano, mpaka nthanoyo idaphimba mbiri yeniyeni ya munthu. Mukamasunga kanthu ka makolo, kaya ndi ndalama yakale, kalata kapena chithunzi, musachipale kuti chiwale. Funsani mwini wake akali moyo, ndipo mulembe zimene wakuuzani, dzina lake ndi chaka.