Golide wa ku Bled: Ulendo wa Robert Gwaze pa Masewera a Chesi

Amuna a ku Nyasaland amene adakhamukira ku migodi ya m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, ena kukakumba golide ku Globe and Phoenix m'tauni ya Kwekwe, ena kromu ku Shurugwi, ena asibesitosi ku Zvishavane, enanso kukasungunula zitsulo ku Redcliff, adanyamula chilankhulo chawo, gule wamkulu wawo, ndi masewera awo a njere ndi maenje, bawo ndi nsolo, amene eni nthaka amawatcha tsoro. Munthu woleredwa pa masewera otere amadziwa kuti wopambana ndi yemwe waona kumene njere yomaliza ikagwere asanatole ngakhale yoyamba. Komabe matauni amenewa adatchuka ndi mpira wamiyendo, chifukwa ndiwo umene makampani adaumangira mabwalo ndi kuutsegulira thumba: Shabanie Mine, Ziscosteel, Lancashire Steel. Adzukulu a matchona aja ayenera kumvako mbiri ya mnyamata wina wa m'dziko lawo lomwelo amene adatengera Zimbabwe golide pa masewera anzeru, ndi chifukwa chimene golideyo sadamufikitse pamwamba penipeni.

Robert Gwaze adabadwa m'chaka cha 1982 ndipo adaphunzira pa sukulu ya Prince Edward ku Harare. Ali ndi zaka 15 zokha adali kale katswiri wa chesi wa dziko lonse la Zimbabwe, pakati pa achinyamata ndi pakati pa akuluakulu omwe. Mu 1998 adapambana mpikisano wa achinyamata a mu Africa umene udachitikira ku Kenya, ndipo posakhalitsa adalandira ulemu wa International Master, womwe pamwamba pake pali umodzi wokha, wa Grandmaster.

Dzina lake lidamveka kutali mu 2002. Chaka chimenecho mpikisano wa maiko wa chesi, wotchedwa Olympiad, udachitikira ku Bled m'dziko la Slovenia, ndipo kudasonkhana matimu oposa 130. Timu iliyonse imaika katswiri wake wodalirika pa bolodi loyamba. Russia idaikapo Garry Kasparov, yemwe panthawiyo adali woyamba pa mndandanda wa dziko lonse lapansi. Zimbabwe idaikapo Gwaze, mnyamata wa zaka 20. Iye adasewera kasanu n'kanayi, napambana kasanu n'kanayi komweko, osagonja ngakhale kufanana mphamvu ndi wina aliyense. Pa bolodi loyamba zoterezi adazichitapo Alexander Alekhine ku Hamburg mu 1930, ali katswiri wa dziko lonse. Popeza mendulo za pa bolodi masiku amenewo zinkaperekedwa potengera gawo la mapointi amene munthu wapeza pa masewera ake, golide wa bolodi loyamba adapita ku Harare, ngakhale kuti chikho cha matimu chidapita ku Russia.

Mbiri yoona siibisa mbali inayo. Pa Olympiad matimu amakumanitsidwa molingana ndi mapointi awo, choncho Gwaze sadakumane ndi zimphona zimene Kasparov ankalimbana nazo, ndipo kuyambira 2008 mendulo zimenezi zidayamba kuperekedwa poyang'ananso mphamvu za adani amene munthu wawagonjetsa. Koma aliyense wodziwa chesi angavomereze kuti kukhala pampando maola anayi kapena asanu, tsiku ndi tsiku, kasanu n'kanayi, popanda kutsetsereka ngakhale kamodzi, ndi ntchito ya munthu waluso losowa. Funso limene lidatsala lidali lakuti luso limeneli likafika pati.

Kuti timvetse yankho lake tiyenera kudziwa mmene ulemu wa Grandmaster umapezekera. Bungwe la FIDE, lomwe limayendetsa chesi pa dziko lonse, limafuna zinthu ziwiri. Choyamba, wosewera achite bwino kwambiri, kawirikawiri katatu, m'mipikisano momwe muli ma Grandmaster angapo ndiponso osewera ochokera m'maiko osiyanasiyana. Chachiwiri, mlingo wake wa mapointi ufike pa 2500, ndipo mlingowu umakwera msanga pokhapokha munthu akamagonjetsa amene ali pamwamba pake. Mnyamata wa ku Moscow kapena ku Budapest amapeza mipikisano yotere pongokwera sitima. Wa ku Harare ayenera kupeza ndalama ya ndege, chitupa cholowera ku Ulaya, pogona ndi chakudya cha milungu iwiri, ndipo akapunthwa pa sewero limodzi ayambirenso kufunafuna zonsezi.

Mnzake wobadwa naye chaka chimodzi, Amon Simutowe wa ku Zambia, adaonetsa kutalika kwa njira imeneyi. Iye adakulira ku Ndola, m'chigawo cha migodi ya mkuwa, ndipo adaphunzira chesi kwa mkulu wake ali ndi zaka 10. Mu 1996 adakhala katswiri wa dziko la Zambia. Mu 2000 adali mmodzi mwa amene adagawana malo achiwiri pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Yerevan, ndipo chaka chomwecho adatenga mendulo yasiliva ya bolodi loyamba pa Olympiad ya ku Istanbul. Kenaka chesi idamupezera malo pa University of Texas ku Dallas. Chizindikiro chake chachitatu adachipeza ku Arnhem m'dziko la Netherlands mu 2007, koma mapointi aja adamuyendetsabe m'mizinda yachilendo kufikira 2009, pamene adakhala Grandmaster woyamba wa kuno kummwera kwa chipululu cha Sahara. Kuchokera ku Yerevan kufika pa ulemuwo padapita zaka zisanu ndi zinayi, ndipo zambiri mwa zakazo adazithera kunja kwa Africa.

Gwaze sadagone. Mu 2007 adapambana mpikisano wa akatswiri a mu Africa yense ku Windhoek, zimene zidamupatsa mwayi wokasewera pa World Cup ku Khanty-Mansiysk, ku Siberia. Kumeneko m'ndime yoyamba adakumana ndi Alexei Shirov, yemwe adamugonjetsa n'kupitirira mpaka ndime yotsiriza. Mu 2010 adapambana mpikisano wa Cuca ku Luanda, ndipo mu 2011 adabwereranso ku World Cup, komwe adatulutsidwa ndi Ruslan Ponomariov, amene adakhalapo katswiri wa FIDE. Tikumbukire kuti zaka za 2007 ndi 2008, pamene msinkhu wake udali woyenera kuthamangira ulemu uja, ndi zomwe ndalama ya Zimbabwe idasanduka mapepala wamba. Ng'anjo za Ziscosteel zidazima mu 2008, ndipo mgodi wa Shabanie udafooka mpaka kuima. Dziko limene antchito ake ankapita miyezi osalandira malipiro silikadatha kutumiza mwana wake ku Ulaya kukasuntha timitengo pa bolodi. Chowawitsa mtima n'chakuti mu 2014, mumzinda womwewo wa Windhoek, Kenny Solomon wa ku South Africa adapambana mpikisano womwewo, ndipo malamulo a nthawi imeneyo adamupatsa ulemu wa Grandmaster pa chipambano chimenecho. Gwaze adaoloka mtsinje uja mlatho usanamangidwe, ndipo adatsala International Master.

Ku Bled komweko kudachitika chinthu china chothandiza kuti nkhaniyi imveke bwino: golide wa matimu a amayi adapita ku China. Dziko limeneli lili ndi chesi yakeyake yakalekale yotchedwa xiangqi, ndipo lidalowa m'bungwe la FIDE mu 1975 mokha. Pa Olympiad yake yoyamba, ku Buenos Aires mu 1978, Liu Wenzhe adagonjetsa Grandmaster wa ku Netherlands, Jan Hein Donner, pa mayendedwe 20 okha. Chipambano chimenecho chidadzidzimutsa anthu monga momwe cha Gwaze chidachitira, koma chidagwera pa nthaka yolimidwa. Boma lidasonkhanitsa ana aluso, ambiri a iwo ochokera ku xiangqi, n'kuwapatsa aphunzitsi, malipiro ndi maulendo. Mu 1990 Ye Rongguang adakhala Grandmaster woyamba wa dzikolo. Mu 1991 Xie Jun, amene adayambira pa xiangqi, adalanda ukatswiri wa amayi wa dziko lonse kwa Maia Chiburdanidze ku Manila. Timu ya amuna idatenga golide ku Tromsø mu 2014, ndipo mu 2023 Ding Liren adakhala katswiri wa dziko lonse ku Astana, asanagonje kwa Gukesh Dommaraju wa ku India mu 2024. Kuchokera kwa Liu kufika kwa Ding padatenga zaka 45 za kupatsirana ntchito. Paja akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Anthu a ku China si alendo ku Midlands. Kampani ya Sinosteel idagula gawo lalikulu la Zimasco mu 2007, ndipo fakitale yazitsulo ya Dinson ku Manhize, kufupi ndi Mvuma, idayamba kugwira ntchito mu 2024. Zimene matauniwa akuona kuchokera ku dziko limenelo ndi ng'anjo ndi magalimoto onyamula miyala. Phunziro la chesi yawo ndi lotsika mtengo kuposa zonsezi. Bolodi limodzi, mphunzitsi mmodzi wokhazikika pa sukulu ya pamgodi, mpikisano wa chaka ndi chaka umene sudumpha, ndi thumba lolipirira ulendo wa mwana amene waposa anzake, zonsezi pamodzi sizifika pa ndalama zoyendetsera timu imodzi yampira. Ana amene agogo awo ankawerengera njere za nsolo pansi pa mtengo ku Shurugwi ndi ku Zvishavane ali nawo kale mutu wa masewera otere. Mbiri ya Robert Gwaze ikutiuza kuti wina mwa iwo akhoza kudabwitsa dziko kamodzi ndi mphamvu zake zokha, koma kuti akafike kumene Simutowe adafika movutikira, pafunika anthu ena ovomera kumulipirira ulendo kwa zaka khumi.